Mafunso Anu: N'chifukwa Chiyani Mutu wa Katswiri Umaphimba Dzina la Magazini?

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za zikuto za magazini a mafilimu, ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi. Ena ndawafupikitsa, eni ake musandikwiyire.

Akonzi, mkulu wanga anandisiyira mulu wa magazini a Empire. Pa ambiri mwa magaziniwa, mutu wa munthu wa pachikuto waphimba zilembo zapakati pa dzina la magaziniyo, moti umangowerenga EM kenako RE. Kodi osindikiza analakwitsa? Kampani ingabise bwanji dzina lake lomwe?

Sanalakwitse ayi achimwene, n'zadala, ndipo wina anachita kukhalira pansi kuti zituluke choncho. Wokonza chikuto amasanjikiza zinthu zitatu pa kompyuta. Kumbuyo kwenikweni kumakhala malo kapena mtundu chabe, pakati pamabwera dzina la magazini, ndipo kutsogolo amaikako munthuyo atamudula m'chithunzi chake. Kudula mapewa ndi jekete sikuvuta. Chimene chimatopetsa ndi tsitsi. Tengani imodzi mwa magazini anuwo muyang'anitsitse pamene tsitsi lakumana ndi chilembo chofiira. Ngati ntchito inagwiridwa bwino, muona titsitsi tating'onoting'ono tikudutsa pamwamba pa kufiirako. Ngati inagwiridwa mothamanga, muona kamzere kotuwa kozungulira mutu wonse, ngati munthuyo wametedwa ndi sizasi yobuntha.

Amavutika chonchi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, diso limaona ngati munthuyo watulukira kunja kwa pepala n'kubwera kwa inu. Chachiwiri ndi malo. Mukakakamira kuti mutu wonse ukhale pansi pa dzina, ndiye kuti nkhope ichepa, kapena maso atsikira pakatikati pa tsamba, pamene pashelefu pamabisika ndi magazini ina ya kutsogolo kwake. Wokonza amafuna maso akwere m'mwamba, ndipo njira yake ndi yomweyo yolola mutu kulowerera m'zilembo.

Koma si magazini iliyonse ingachite zimenezi. Empire inayamba kutuluka ku Britain mu 1989, ndipo anthu anazolowera zilembo zake zisanu ndi chimodzi, zazikulu, zonenepa, zofiira. Saziwerenganso, amangozizindikira. N'chifukwa chake nthawi zina amazisintha mtundu, kuziyatsa moto kapena kuzisandutsa chitsulo kuti zigwirizane ndi filimu ya mwezi umenewo, koma munthu n'kudziwabe kuti ndi Empire. Total Film, imene inayamba mu 1997, inachenjera mwanjira ina. Inalemba FILM m'zilembo zikuluzikulu n'kulowetsa mawu akuti TOTAL m'kati mwa chilembo F, kumanzere kwenikweni, kumene mutu wa munthu sufikako kawirikawiri. Magazini yatsopano imene anthu sanaidziwe ikabisa dzina lake yadzipha yokha.

Onaninso kuti chilembo choyamba sachiphimba wamba. Chifukwa chake chili m'funso lotsatirali.

Ine chimandinyansa ndi kuchuluka kwa mawu. Chithunzi chokongola, koma mbali yakumanzere yadzaza timitu ta nkhani, pamwamba mzere wina, pakona kachizindikiro kozungulira kolembedwa EXCLUSIVE. Amalephera kungosiya chithunzi chipume?

Ndikukumvani achemwali, nanenso zimanditopetsa. Koma chikuto chimenecho sanakonzere inu amene mwagula kale n'kukhala nacho pamiyendo. Anakonzera munthu amene akudutsa pafupi ndi shelefu ali ndi zina m'mutu, amene angayang'ane kamodzi n'kupitirira.

Ogulitsa sayala magazini iliyonse payokhapayokha, malo sangakwane. Pali njira ziwiri zoyalira. Ena amasanjikiza cham'mbali, ina kuphimba inzake, moti chimene chimaoneka ndi kachigawo kakumanzere basi. Ena amayala m'masitepe, mzere wakutsogolo kuphimba wakumbuyo, moti chimene chimaoneka ndi kachigawo kapamwamba. Wokonza chikuto sadziwa kuti magazini yake ikayalidwa bwanji, ndiye amateteza mbali zonse ziwiri. Kumanzere amaikako chiyambi cha dzina ndi timitu tamphamvu kwambiri. Pamwamba pa dzina amaikapo kamzere kamodzi konena za chinthu china chachikulu cha m'katimo. Mbali ya pansi kumanja, imene imabisika nthawi zambiri, amaikako zosakopa munthu, ndipo barcode, timizere takuda timene makina a m'sitolo amawerenga, imakonda kukhala m'makona a pansiwo.

Timitu timeneti tili ndi maudindo osiyana ngakhale timaoneka ngati piringupiringu. Pali mutu umodzi waukulu, umene kawirikawiri umakhala dzina la filimu ya pachikuto, wolembedwa chopingasa pachifuwa cha munthuyo, ndipo pansi pake pamakhala kamzere kolonjeza kanthu, monga kuti olemba anafika pamalo pamene ankajambula filimuyo. Kenako pamabwera mayina a mafilimu ena ndi akatswiri ena, ndipo awa ndi a munthu amene filimu ya pachikutoyo sikumukoma. Mkonzi amadziwa kuti si onse amakonda nkhani za m'mlengalenga kapena za zigawenga, ndiye amaponya mbedza zingapo. Manambala nawo amawakonda, mafilimu 50 akuti, zithunzi 30 zakuti, chifukwa nambala imawerengeka msanga kuposa mawu ndipo imauza wogula kuti m'katimu muli zambiri.

Chimene chimawapanikiza n'chakuti magazini yosagulidwa ndi ndalama yotayika kwa wofalitsa. M'mayiko ambiri wogulitsa amabweza zotsala ndipo salipira. Ndiye mwezi umene chikuto chafooka, mulu umabwerera, ndipo mkonzi amakayankha mafunso. Munthu wotero akamakangana ndi wokonza zithunzi pa nkhani yowonjezera kamutu kena, amapambana ndi mkonzi. Komabe maganizo anga ndi akuti ambiri amapyola muyeso. Timitu tikapitirira tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, palibe kamene kamamveka, tonse tikungokuwa.

Akonzi, n'chifukwa chiyani anthu a pachikuto amakuyang'ana m'maso penipeni, osaseka, atavala zovala za m'filimu? M'magazini a mafashoni amavala zawo n'kumamwetulira.

Funso ili ndalikonda, chifukwa likukhudza mwini weniweni wa chithunzicho.

Za maso n'zachidule. Nkhope yokuyang'ana imakuimitsa, ndipo ana akhanda omwe amatsata maso a munthu. Magazini a mitundu yonse amadziwa zimenezi. Chimene a mafilimu amawonjezera ndi kujambula chochokera pansi pang'ono, kamera itakwezera diso m'mwamba, kuti munthuyo aoneke wamkulu ndi woopsa, ndipo m'manja amamugwiritsa chinthu chimene chinganene mtundu wa filimu popanda mawu: mfuti, lupanga, chishango, ndodo yamatsenga. Mitundu nayo imalankhula. Zakuda ndi zofiira ndi za mafilimu oopsa, buluu wozizira ndi siliva ndi za sayansi ndi zam'tsogolo. Kuphatikiza buluu ndi olenje kwafala kwambiri chifukwa khungu la munthu limapendekera ku olenje, ndiye kumbuyo kukakhala buluu nkhope imatumphukira kutsogolo.

Za zovala ndi nkhani yaitali. Kale sizinali choncho. Photoplay, imene inayamba ku Chicago mu 1911, inkaika pachikuto nkhope za akazi otchuka a ku Hollywood zojambulidwa pamanja ndi anthu ngati Rolf Armstrong ndi Earl Christy, masaya osalala, milomo yofiira, maso onyezimira. Ankagulitsa munthuyo, dzina lake, chikondi chake, nyumba yake. Owerenga ankapita kukaonera filimu chifukwa muli uje, kaya filimuyo ikunena za chiyani. Magazini a ku India ngati Filmfare, imene inayamba mu 1952, anapitirizabe mwambo umenewu, ndipo katswiri amaonekapo monga iye mwini, atatchena.

Magazini ngati Empire ndi Total Film anakula nthawi imene ndalama zazikulu zinasamukira ku mafilimu otsatizana, gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu, amene anthu amatsata munthu wa m'nkhaniyo osati womusewera. Ndiye chikuto chimagulitsa munthu wa m'nkhani uja. Umboni wake ndi zikuto zimene pali munthu wovala chigoba kumaso, nkhope ya wosewera osaoneka n'komwe, koma magazini n'kugulidwa bwinobwino.

Tsono chithunzicho chimachokera kuti? Nthawi zambiri si magazini imene inajambula. Kampani yopanga filimu imajambula osewera ake atavala zovala za m'filimu nthawi imene ntchito ili m'kati, n'kusunga zithunzizo. Nthawi yotsatsa ikafika, imasankha magazini yoipatsa chithunzi chimene ena sanachione, pamodzi ndi mwayi wocheza ndi osewera ndi wotsogolera filimu. Magazini imapereka chikuto. Ndiwo msika wake, ndipo kachizindikiro ka EXCLUSIVE kamene achemwali aja akudandaula nako, kotanthauza kuti ena alibe, kamachokera pamenepa. Oimira osewera amakhalanso ndi mawu pa zithunzi zimene zingatuluke ndi zimene zisatuluke.

Mukaona chikuto chokhala ndi anthu asanu kapena asanu ndi awiri ataima pamodzi, musaganize kuti anakumanadi tsiku limodzi. Kawirikawiri aliyense anajambulidwa payekha, kenako anawalumikiza pa kompyuta. Yang'anani mithunzi. Wina kuwala kukumumenya tsaya lakumanja, woyandikana naye lakumanzere, ndipo palibe amene mthunzi wake wagwera pa mnzake. Amene ali pakati ndi kutsogolo, wamkulu kuposa anzake, ndiye mwini filimu, ndipo dongosolo limenelo silibwera mwangozi.

Pali china chimene owerenga ambiri sachidziwa. Chikuto chimasankhidwa miyezi ingapo filimu isanatuluke, nthawi zina isanamalizidwe n'komwe, moti mkonzi amakhala asanaionere. N'chifukwa chake zimachitika kuti filimu imene anaitamanda pachikuto mwezi uno, ikatuluka, magazini yomweyo n'kuipatsa nyenyezi ziwiri pa zisanu. Chikuto si chigamulo cha magazini. Chigamulo chili m'masamba a ndemanga, ndipo amene amalemba kumeneko ndi amene anaionera.

Ndinagula magazini mu August koma pachikuto palembedwa October. Anasokoneza kalendala?

Ayi. Magazini otuluka pamwezi amalemba deti la kutsogolo kuti asaoneke akale akadali pashelefu, ndipo detilo limathandizanso wogulitsa kudziwa nthawi yoichotsa. Kwa magazini a mafilimu zimawakomeranso, popeza nkhani zawo zazikulu ndi za mafilimu amene akubwera.

Ine ndi mnzanga tili ndi magazini ya mwezi umodzi, nambala imodzi, nkhani za m'kati zofanana, koma zikuto zosiyana. Yanga ili ndi mawu ambiri, yake ili ndi chithunzi chojambulidwa pamanja ndi dzina la magazini basi. Iye akuti yanga ndi yachinyengo.

Zonse ziwiri ndi zenizeni, muuzeni mnzanuyo asakuderereni. Yanu ndi ya m'sitolo. Yake ndi ya anthu olembetsa, amene analipiriratu chaka chonse ndipo magazini imawapeza pakhomo. Empire ndi yodziwika kwambiri pa mwambo umenewu.

Ikani ziwirizo pambali ndi pambali, muona zonse zimene ndakhala ndikunena pamwambapa. Munthu wolembetsa safunika kukopedwa, ndalama yake inalowa kale. Palibe shelefu, palibe magazini ina yophimba, palibe wodutsa wothamanga. Ndiye timitu tonse timachoka, kachizindikiro ka pakona kamachoka, ndipo wojambula amapatsidwa ufulu. Nthawi zina munthu wa pachikuto amafulatira, nthawi zina amaoneka kakang'ono patali, nthawi zina palibe munthu, pali chipewa chokha kapena galimoto. Anthu omwewo amene anadzaza chikuto chanu ndi mawu ndi amene anakonza chinacho, kusonyeza kuti kukongola amakudziwa, koma amadziwanso amene akulankhula naye.

Palinso mtundu wina wa zikuto zosiyana, za m'sitolo zomwe. Filimu ikakhala ndi anthu ambiri okondedwa, amasindikiza zikuto zinayi kapena kuposa, chilichonse ndi munthu wake. Amati musankhe amene mumamukonda. Chimene akuyembekeza m'mtima n'chakuti okonda kusunga agula zonse, nkhani za m'kati zili zimodzimodzi. Ine kumeneko sindipitako, koma ndikudziwa anthu amene amasunga zawo m'mapulasitiki osatsegula n'komwe.

Kodi magazini onse a mafilimu amatsata malamulo amenewa? Ndikaona zithunzi zawo pa intaneti onse amangofanana.

Si onse, ndipo amene amapatuka ndi amene ine ndimawakonda. Cahiers du Cinéma inayamba ku Paris mu April 1951, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa anali André Bazin, wolemba ndemanga za mafilimu. Chikuto chake chinali chachikasu, chokhala ndi chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera chotengedwa m'filimu, popanda phokoso lina. Pa yoyambirira panali Gloria Swanson, wosewera wa ku Hollywood. Anakhala ndi chikasu chimenecho mpaka 1964, ndipo kufikira lero anthu amazitchula kuti zachikasu zija. M'masamba amenewo ndi mmene François Truffaut ndi Jean-Luc Godard ankalemba asanayambe kupanga mafilimu awo. Chikutocho chinkauza munthu kuti muno tikambirana za filimu ngati luso, za miseche kagulenire kwina.

Sight and Sound, ya bungwe la British Film Institute, yakhalapo kuyambira 1932, ndipo siichita manyazi kuika pachikuto wotsogolera filimu, munthu wa imvi amene ambiri sangamuzindikire pamsewu. Magazini yodalira odutsa singayese zimenezo kawirikawiri. Little White Lies, imene inayamba ku Britain mu 2005, inasankha njira yakeyake. Kawirikawiri chikuto chimakhala nkhope imodzi yojambulidwa pamanja, yochokera m'filimu imodzi, ndipo pamwamba pali bwalo loyera lokhala ndi dzina la magazini. Barcode, imene ena amaibisa pakona, iwo anailowetsa m'bwalo lomwelo n'kukhala mbali ya chizindikiro chawo.

Onani kuti nawonso ali ndi malamulo, kungoti ndi awoawo, ndipo amawasunga pa magazini iliyonse imene atulutsa mpaka owerenga kuzolowera. Kusiyana kwake n'kwakuti owerenga awo amachita kuwafunafuna.

Mwatchula intaneti, ndipo pamenepo pali kusintha kwina. Premiere ya ku America inaleka kusindikizidwa mu 2007, Entertainment Weekly mu 2022, Total Film mu 2024. Anthu ambiri tsopano amayamba kuona chikuto pafoni, chili kakang'ono ngati sitampa, pamene timitu tating'ono sitiwerengeka. Zikuto zopanda mawu zija, zimene kale zinali za olembetsa okha, ndi zimene anthu amatumizirana.

Akonzi, ndine mwana wasukulu ndipo aphunzitsi atipatsa ntchito yokonza chikuto cha magazini ya mafilimu yongopeka. Ndiyambire pati? Ndatenga posita ya filimu pa intaneti n'kulembapo dzina pamwamba koma sizikuoneka bwino.

Mwanawe, posita ndi chikuto ndi zinthu ziwiri. Posita inakonzedwa kale, ili ndi dzina la filimu, mayina a osewera ndi mzere wa tizilembo topyapyala pansi, ndipo ilibe malo a dzina la magazini yako. Isiye. Komanso ndi ya eni ake. Tenga mnzako, umuveke mogwirizana ndi filimu yako yopekayo, umuimike patsogolo pa khoma lopanda zambiri, ujambule kuyambira m'chiuno kapena pachifuwa kupita m'mwamba. Ayang'ane kamera. Siya malo pamwamba pa mutu wake ndi m'mbali zonse ziwiri, chifukwa ndi mmene mawu akakhale. Ana asukulu ambiri amajambula nkhope yodzaza chithunzi chonse, kenako n'kumalemba mawu pamphuno.

Dzina la magazini likhale lalifupi, liwu limodzi kapena awiri, lotambalala kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Popeza ndi latsopano, mutu ungokhudza pang'ono pansi pa chilembo chimodzi, lonse liwerengeke. Mitundu ya zilembo isapitirire iwiri, ina yonenepa ya mitu, ina yowonda ya timawu tofotokozera. Mitundu ya utoto itatu ikukwana, ndipo uitenge m'chithunzi momwemo. Ngati mnzakoyo wavala jekete yofiira, dzina la filimu likhale lofiira lomwelo. Usalembe chilichonse pamaso kapena pakamwa. Mawu oyera pamalo owala sawerengeka, ndiye deretsa pang'ono kumbuyo kwake m'malo mozunguliza chilembo chilichonse ndi mzere wakuda.

Tinthu tating'ono ndi timene timachititsa kuti chioneke chenicheni: nambala ya magazini, mwezi ndi chaka, mtengo, ndi barcode. M'mayiko amene amagwiritsa barcode ya manambala 13, ya magazini imayamba ndi 977, ndipo pambali pake pamakhala ina yaing'ono yosonyeza kuti ndi magazini ya nambala yanji. Aphunzitsi amene amadziwa zimenezi aona.

Ngati udzasindikiza papepala, konza pa kukula koyenera kuyambira pachiyambi. Tsamba la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ndipo kuti lituluke losalala pamafunika madontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza chithunzi cha mapikiselo 2480 ndi 3508. Zithunzi zambiri za pa intaneti sizifika pamenepo, n'chifukwa chake posita yako ikuoneka yachimbuuzi ukaikulitsa. Chithunzi chipitirire m'mphepete ndi mamilimita 3 mbali zonse, kuti mpeni wodulira ukaphonya pang'ono pasatsale kamzere koyera, ndipo mawu akhale patali ndi m'mphepetemo. Usadabwe buluu wowala wa pa kompyuta akatuluka wozimiririka. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, yabuluu, yapinki, yachikasu ndi yakuda. Zilembo zonyezimira ngati golide zimene umaona pa magazini akuluakulu ndi inki yachisanu kapena kachitsulo kopyapyala komata, ndipo amalipira mwapadera.

Ukamaliza, lisindikize tsambalo, ulimate pakhoma, ubwerere m'mbuyo masitepe angapo. Kenako tenga buku uphimbe mbali yakumanja, usiye kachigawo kakumanzere kokha, uitane munthu amene sanalionepo umufunse kuti magaziniyi ndi ya chiyani. Akakayika, chotsa timitu tiwiri ndipo ukulitse kamene katsala pamwamba.